Zipsera za m'mapapo ndi piki ya kumanda

Kwathu ku Chipata manda amakumba adzukulu. Kuno ku Chalimbana, kumene ndinagula puloti nditasiya utolankhani, mwamuna aliyense ndi mdzukulu. Timafika kumanda m'mamawa n'kumalandirana piki ndi fosholo. Wozemba amadziwika, ndipo chilango chake n'chimodzi: maliro akadzagwa kwake, adzakumba yekha.

Kolona inandigoneka m'chipatala ku Lusaka masabata atatu, ndili pa okosijeni. Nditatuluka, thupi linabwerera, mimba inabwereranso. Mpweya wokha ndiwo sunabwerere. Kuchoka pakhomo kukafika pamjigo ndinkaima kawiri. Patatha chaka anandijambula sikani. Dokotala anandionetsa mizere yoyera kumunsi kwa mapapo onse awiri: zipsera. Si TB, anatero, sizipatsirana, koma zina mwina sizidzachoka. Piki, khasu, matumba a feteleza, zonsezo ayi.

Tcheyamani wa komiti ya maliro ndi neba wanga, mlimi wa tomato, mwini mawu aakulu. Pa maliro a mphunzitsi wina ndinaima pambali anzanga akukumba, iye n'kundiona.

"Ba Lusaka, piki iluma?"

"Ni chifuwa, ba neba. Mudziwa n'nadwala."

"Kolona inasila kudala, kulibenso! Onani mimba iyo. Ise tinapola na ndimu na tangawizi, tikumba." Amuna anaseka. Ndiye anawonjezera: "Amayi anu ni okalamba. Tsiku lawo mukakumbe na bolopeni."

Amayi ankakhala kwa ine. Mawuwo anawapeza tsiku lomwelo, kudzera mwa azimayi ophika pamaliro. Sanadye. Anangondifunsa kuti, "Mwanawe, nanga adzandiika ndani?"

Ndinadikira miyezi inayi. Sikani yachiwiri inaonetsa zipsera zomwezija, malo omwewo. Zithunzi zonse ndinaziika mu envulopu yaikulu. Maliro ndinasankha monga ndinkasankhira nkhani ya tsamba loyamba: Loweruka, ogwira ntchito ku Lusaka alipo, akulu a mpingo alipo, dothi louma gwa la mwezi wa Okutobala.

Envulopu ndinapatsa mlamu wanga. Dzenje litafika m'chiuno, ndinatsika n'kulanda piki m'manja mwa tcheyamani.

"Nipaseni, ba tcheyamani. Imwe muziwerenga."

Ndinamenya kakhumi n'kamodzi. Kenaka piki inakana kukwera, m'maso munada, ndinagwa m'dzenjemo. Ananditulutsa pondikoka lamba, ndikupuma ngati mbuzi yomangidwa chingwe chothina. Kunali kupusa, ndipo dokotala anadzandikalipira pambuyo pake. Koma ndinali nditakonzekera kulipira mtengo umenewo.

Ndili gone pamulu wa dothi, mlamu anatulutsa zithunzi n'kuzikweza kudzuwa. Zinayenda dzanja ndi dzanja, zala zadothi zikusiya zidindo. Mkulu wa mpingo wina, amene anagwirapo ntchito pakiliniki, analoza ndi kamtengo.

"Apa pakuda ni pabwino, mphepo ingena. Apa poyera ni zipsera. Uyu munthu sanama." Anatembenukira kwa neba wanga. "Ba tcheyamani, lelo mukanatikumbitsa manda awiri."

Palibe anaseka. Akuluwo anagamula pomwepo, ndipo amuna anavomera: ine ndisadzagwirenso piki, ndipo nthawi yanga azikumba tcheyamani, kuwonjezera pa yake.

Tcheyamani sanapepese. Inenso sindinamukhululukire. Kuyambira tsikulo sindiphonya maliro, ngakhale a munthu amene sindinamudziwe. Ndimapita ndi kampando kanga, ndimakhala m'mphepete mwa dzenje. Tcheyamani akamaliza nthawi yake n'kuyamba kupukuta thukuta, ndimamukumbutsa mwaulemu:

"Iyo inali yanu, ba neba. Manje yanga."

Amayi anamwalira m'dzinja lotsatira, atadziwa kale kuti owaika alipo. Amuna anabwera ambiri mpaka mapiki anachepa. Mvula inali itagwa, dothi likumata pafosholo. Tcheyamani anakumba nthawi yake, anakumba yanga, n'kutambasula dzanja kuti amukokere kunja, malaya ali nyowe, naye akupuma movutikira.

Ndinadzuka pakampando, ndinazungulira dzenje lonse pang'onopang'ono, monga mapapo anga amandilolera, ndikuyang'ana khoma lililonse.

"Ba neba," ndinatero, "pakona apo sipanaongoke. Amayi anali munthu waudongo."

Tcheyamani anayang'ana akulu a mpingo. Akuluwo anayang'ana pakonapo.

Tcheyamani anatolanso piki.