Sikelo ya Bambo Chisale

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene anaphimba kulakwa kwanga ndi chifundo chake. Pakanapanda Iye, bwenzi lero ndikulemba za maliro.

Ntchito yanga yoyamba ya unesi kuno ku Perth ndinaipeza malire atatsekedwa chifukwa cha Kovidi. Ndinkasamalira okalamba ku Balga podikira mapepala anga a unesi. Manesi akunja atasiya kubwera, mnzanga wa kumapemphero ananditsina khutu kuti chipatala china chikufuna munthu ku mbali ya odwala mtima. Ndinapita, ndipo ananditenga.

Odwala athu anali a mtima wothamanga mosalongosoka, umene mankhwala ndi opaleshoni zaulephera. Aliyense anali ndi kachipangizo pansi pa khungu la pachifuwa, kamene kamamenya mtima ndi magetsi ukayamba misala. Ochepa mwa iwo ankatumizidwa ku rediyeshoni, makina omwe aja owotchera khansa. Cheza chake amachilunjikitsa pa kachigawo ka mtima koyambitsa vutolo, kamodzi kokha, popanda mpeni. Nditamva koyamba ndinagwira pakamwa. Koma popeza njirayi ndi yatsopano, panalibe wodziwa bwino zimene chezacho chingachite pakapita zaka. Ntchito yanga inali kuwalondola: kuimba foni mwezi ndi mwezi, kufunsa za befu, kutupa kwa mapazi ndi kulemera kwa thupi, zimene zimasonyeza ngati madzi akudzaza m'thupi, n'kulemba pa fomu.

M'gulumo munali Bambo Chisale, mkulu wa kumapemphero kwathu, amene kale ankagwira ntchito m'fakitale ku Kwinana. Asanalandire cheza, kachipangizo kankawagwetsa pansi sabata ndi sabata. Atalandira, kanakhala chete kupitirira chaka. Anaima kutsogolo kwa mpingo n'kuchitira umboni kuti achira, ndipo nyimbo yoyamika ndinayambitsa ndine.

Pafoni tinkalankhula Chichewa.

"Bambo, m'thupi mukumva bwanji?"

"Mwana wanga, umboni unaumva wekha. Lemba kuti zonse zili bwino."

"Nanga sikelo ikuti chiyani?"

"Monga mwezi watha."

Odwala enawo ndinkawapanikiza ndi mafunso mpaka atatopa. Koma munthu wamkulu ngati bambo anga, ndikanawabwereza bwanji funso atayankha kale? Ndinkangolemba.

Lachiwiri lina m'mawa, mkulu wa manesi anaponya mafomu a Bambo Chisale patebulo panga. "Miyezi isanu, kulemera kumodzimodzi? Ndi munthu wamoyo ameneyu? Aitane, abwere lero."

Bambo anafika masana ndi Mayi Chisale, masiki kukamwa. Anavala suti ndi tayi, koma kuphazi kunali masilipasi. Mapazi anali atatupa ngati mibulu ya buledi. Kuchokera pakhomo kufika pampando anaima katatu, atagwira khoma.

Mayi sanadikire kufunsidwa. "Achemwali, sikelo mukuinenayo ili pansi pa bedi, batire inatha chaka chatha. Milungu itatu tsopano akugona chokhala pampando. Foni yanu ikalira amandithamangitsira kukhitchini ngati mwana."

"Amayi, mukundivula pagulu," anatero Bambo, mawu akuduka.

"Bola kukuvulani muli moyo!"

Dokotala anawapaka mafuta pachifuwa n'kuyendetsa sikani. Anandionetsa mzere wakuda wozungulira mtima. Anali madzi, atadzaza m'thumba la mtima n'kumaufinya. Kachipangizo kaja kamaona kagundidwe kokha; za madzi sikadziwa. Dokotala anati mwina ndi chezacho, chifukwa zina zimatulukira mochedwa, ndipo n'chifukwa chake timalondola odwala. Tsiku lomwelo anawalowetsa singano ndi kapaipi pansi pa fupa la pachifuwa. Ndinaima pambali kuona madziwo akutsikira m'thumba la pulasitiki, osatha. Anali madzi amene ine ndinalemba kuti kulibe.

Ndinapita kwa mkulu wa manesi n'kuulula zonse. Sanakalipe. Anangoti, "Ulemu wako ukanampha. Kuyambira lero nambala uzimva munthu ali pa sikelo."

M'mawa mwake ndinawapeza Bambo akupuma bwino, koma nkhope itagwa.

"Ndinaima pamaso pa mpingo kunena kuti ndachira. Ndikanadandaula, si ndikanachititsa Mulungu manyazi?"

"Bambo, mundikhululukire, lero ndilankhula ngati nesi. Wakhate uja atachiritsidwa, Ambuye anamuuza kuti akadzionetse kwa wansembe. Sanamuuze kuti akabisale."

Kenako anatambasula mapazi kuti ndiwaone.

Bambo Chisale alipo mpaka lero. Kachipangizo kanadzawamenyanso, koma osati ngati kale, ndipo kuchipatala sajomba. Ine ndinaphunzira kuti chaka chimodzi cha mtendere sichitseka fomu, ndiponso kuti kufunsa munthu wamkulu kachiwiri si mwano.

Inu nonse osamalira odwala, ndi inu amene mukubisa ululu poopa kuoneka osakhulupirira, Ambuye akupatseni mtima wonena zoona ndi anthu okumvani nthawi ikadalipo. Akusungeni inu ndi a m'nyumba zanu. Ameni.