Mutu wa Keondre

Anzanga, Keondre Pettway ndinakumana naye chifukwa cha botolo la tsabola.

Linali Loweruka, kutchalitchi kwathu ku Greenwood tikukazinga milamba yogulitsa. Ndinaponyera msuweni wanga botololo, koma linalunjika pamutu pa abusa. Mwadzidzidzi dzanja lalitali linatulukira pamzere n'kuliwakha ngati munthu wothyola pichesi.

"Achemwali, abusa akulakwirani chiyani?"

"Bweretsani kuno, musandichititse manyazi."

"Ndibweza mukandiuza dzina."

"Latrice."

"Latrice, kuponya simutha, koma musadandaule. Ine ntchito yanga n'kuwakha zoponyedwa molakwika."

Sankanama. Anali risiva wa timu ya koleji yathu ya mpira wogundana, wovala mahelemeti, uja amathamangira kutsogolo n'kudumpha kukawakha mpira uku zimphona zikubwera kudzamugunda. Ine ndinkaphunzira unesi pakoleji yomweyo.

Chikondi chinatigwira osatifunsa. Madzulo ndinkamuponyera timipira ta tenesi kuseri kwa hositelo, iye akuwakha ndi dzanja limodzi, akundinyogodola. Amayi ake, Mayi Odessa, ankagwira ntchito kufakitale yotumbula nsomba, zala zili zotupa chaka chonse. Anayamba kunditchula kuti mpongozi tisanaganize n'komwe za mphete.

"Draft ikangofika, amayi sadzagwiranso mpeni wa nsomba," ankatero Keondre. Draft ndi nthawi ija matimu akuluakulu amasankha anyamata a m'makoleji, ndipo iye moyo wake wonse unali pamenepo.

Kumayambiriro kwa chaka chake chomaliza anandiuza chinsinsi cha osewera, akuseka. Masewera asanayambe, madokotala amawayesa mutu: kukumbukira mawu, kuyankha msanga. Munthu akadzagundidwa amamuyesanso n'kuyerekeza.

"Enafe timalakwitsa dala poyambapo," anatero. "Ukadzavulala akupeza sunasinthe, basi wabwerera m'bwalo."

"Ndiye mukupusitsa ndani?"

"Iwe nesi iwe, usandiyambe!"

Ndinaseka naye. Sindinkadziwa kuti ndikuseka zanga zomwe.

Mu Novembala anamugunda ali m'malere. Anagwa chagada, mutu n'kumenya pansi, bwalo lonse zii. Kenako anadzuka, kukweza dzanja, anthu n'kukuwa ngati wauka kwa akufa. Madokotala anamuyesa, zotsatira zinafanana ndi zoyamba zija, anati ali bwino.

Koma ine ndi amene ndinkakhala naye. Makatani ankatseka masana. Anasanza chakudya cham'mawa. Funso limodzi ankandifunsa mobwerezabwereza.

Lamulungu tikupita kwa amayi ake, anaimitsa galimoto pamphambano.

"Trice... kwa amayi timakhotera kuti?"

Anzanga, msewu umene anakuliramo! Mtima wanga unangoti myuu.

"Tiye kuchipatala, Keondre."

"Ayi. Loweruka kukubwera maskauti a matimu akuluakulu, aja osaka osewera, kudzandionera ine. Gemu imodzi yokha, bebi."

"Ukagundidwanso ubongo usanapole, anthu amafa. Si nthano, ndimaphunzira zimenezi."

"Ndiye amayi azingotumbulabe nsomba mpaka zala zitaduka? Lumbira kuti suuza munthu."

Anali kulira. Ndinali ndisanamuonepo akulira. Ndinalumbira.

M'mawa mwake miyendo inanditengera kwa dokotala wa timu, Mayi Halloran, ndipo ndinawauza zonse, mpaka za kulakwitsa dala zija. Anamuyesanso mwanjira ina. Sanalowenso m'bwalo chaka chimenecho.

Maskauti anabwera, anaona ena. Mbiri imayenda mwachangu pakati pawo: mnyamata wa mutu wovulala, komanso wonamiza madokotala. Keondre anasiya kuyankha foni yanga.

Itafika Draft, mukudziwa momwe timachitira. Abale onse pabalaza, wailesi yakanema ili pamwamba, foni ya mnyamata patebulo, aliyense akudikira kuti ilire, timu imuuze kuti yamusankha. Ine sanandiitane, koma tsiku lomaliza ndinapitabe nditanyamula payi, keke yathu ija ya mbatata.

Mayi Odessa anandichingamira pakhonde.

"Mwana wanga, pita kwanu. Lero ayi."

"Amayi, ndimangofuna..."

"Ndikudziwa chimene umafuna. Inenso ndine mayi. Koma lero ayi."

Ndinakhala m'galimoto kutsidya kwa msewu, payi ili pamiyendo, mpaka alendo anayamba kutuluka mmodzimmodzi atazyolika. Foni sinalire.

Keondre anatuluka pomalizira, atavala suti yomwe anasoketsera tsikulo. Anabwera pawindo langa.

"Unalumbira, Trice."

"Ndinkafuna ukhale ndi moyo."

"Moyo wake uti? Uwu?" Analoza nyumba ya amayi ake. "Mutuwu unali wanga. Ndine ndimayenera kusankha."

Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwinoko.

Pambuyo pake anakayesa mwayi ku timu ina ku Canada, anamubweza masewera asanayambe. Lero amaphunzitsa marisiva pasukulu ya sekondale kuno kwathu. Ndimamva kuti mwana akangogundidwa mutu, iye ndi amene amayamba kumulanda helemeti kuti asabwerere m'bwalo. Anakwatira mtsikana wa ku Jackson. Mayi Odessa akadali kufakitale.

Mwezi wathawu tinakumana m'sitolo, atanyamula kamwana kake kakakazi paphewa.

"Muli bwanji, anesi?" anatero mwaulemu, ngati akupereka moni kwa mlendo, n'kupitirira.

Ndinalira m'galimoto mpaka maso kutupa.

Ena mwa inu muti ndinachita bwino, ena muti munthu wolumbira saulula. Nonse mukunena zoona, ndipo n'chifukwa chake zimawawa. Chikhulupiriro chikasweka sichifunsa kuti unachiswa ndi mtima wotani. Atandibwezera pamphambano paja, ndikhoza kupitanso kwa dokotala, ngakhale ndikudziwa chimene ndikataye.

Mutu wa Keondre unapola, anzanga. Saiwalanso njira, saiwala dzina la munthu, saiwala kanthu. Ndipo zimene ndinamuchita, nazonso sadzaiwala.