Ndinaphika Mbewu ya Amayi

Anzanga, khalani pansi kaye mumve, iyi sindinauzepo munthu.

Ndinali ndi zaka naini, tikukhala ku Msongwe ku Mzuzu, nthawi ija ya makhadi a chipani. Bambo anali atamwalira, amayi ankatilera ndi kadimba ka mbatatesi kudambo. Tikakumba ankasankha okha. Zikuluzikulu kumsika, zotemeka ndi khasu mumphika. Koma zangati dzira, zosalala, zamaso ambiri, ankaziyala pathandala kuseri kuti ziphuke.

"Iyi ndi mbewu, Esinati. Olo nditafa, usakhudze."

Tsiku lina anapita kumsika ndi dengu lomaliza, khadi ataiwala m'diresi lina. Anyamata ofunsa makhadi anawagwira. Tsikulo sanabwere, mawa lakenso zii. M'nyumba munalibe olo kaufa ka phala. Kwa aneba ndinkaopa, paja masiku amenewo wako akagwidwa anthu ankakudutsa ngati sakukudziwa. Mlongo wanga Yohane, wa zaka zitatu, analira mpaka mawu kutha.

Ndinaphika za pathandala zija, anzanga. Katatu konse! Zinali zitabiriwira, timphukira titatuluka, koma sindinasende n'komwe, kuopa kuti zichepa. Zinkawawa, zikukanda kukhosi. Ine ndinkalavula, Yohane ankangomeza.

Kenako mwana uja kusanza, kutsegula m'mimba, khosi lendee. Mantha a aneba anathera pompo, ndinathamangira kwa aNyaGondwe. Atasuzumira mumphika anagwira mutu.

"A Chiuta! Mwana iwe, zobiriwira izi ni poizoni chomene!"

Anamubereka mpaka kuchipatala, wapansi. Anapulumuka.

Amayi anabwera tsiku lachitatu, miyendo itatupa. Anaona Yohane, anaona thandala. Bola akanandimenya. Anangotenga mpeni n'kumadula zotsala zija pawiri, patatu, chidutswa chilichonse ndi diso lake, n'kupaka phulusa. Tinadzala. Mvula ya ku Mzuzu mukuidziwa, zambiri zinaolera pansi. Mizere inangomera apa ndi apo.

Chaka chimenecho chakudya cha ana awiri panalibe. Yohane anamutumiza kwa azakhali ku Neno, anakulira konko. Lero tikaimbirana foni timangofunsana za moyo ngati anthu okumana m'basi.

Pano ndimamvetsa kuti pathandala paja amayi anayalapo chaka chathu chonse chamawa. Koma kulira kwa mwana uja ndimakumvabe. Ndiye ndiuzeni, mukanakhala inu, zaka naini, amayi osadziwika komwe ali, mukanatani?