Chifiriji cha a Tulloch

Mayi Noelene Prendergast anayendetsa basi mumzinda wa Newcastle kuyambira ali ndi tsitsi lakuda mpaka mutu wonse utachita imvi. Anayamba nthawi imene mkazi pachiwongolero anali chodabwitsa, moti amuna ena akaona kuti dalaivala ndi mayi ankaima kaye pakhomo, phazi limodzi m'kati lina kunja. Iwo ankangoti, "Lowani bambo, kapena tsikani. Chitsekochi chilibe maso." Atapuma pantchito anatsala okha m'nyumba yawo yamatabwa mumsewu wa Bellbird, amuna awo atamwalira kale, mwana wawo atakwatiwa kutali ku Perth. Anali ndi kagalimoto kofiira kamene ankakanyoza kuti n'kabokosi ka machesi, mtengo wa mandimu kuseri, ndi mpando pakhonde.

Sanali amiseche ayi. Kungoti chinthu chikawadabwitsa, mtima wawo sunkakhazikika mpaka atachimvetsa. Pampando pajapo ankaona msewu wonse, ndipo ankaudziwa bwino mwambo wake. Mnzako akachokapo umamulowetsera mabini a zinyalala. Makina otchetchera udzu suwaliza Lamlungu anthu asanadzuke. Ndipo ngakhale msewu ndi wa boma, pakhomo pa mnzako ndi pake; mlendo wako akhoza kuimikapo galimoto masana amodzi, koma osaigonekapo.

Tsiku lina akuchokera kogula zinthu anapeza chinthu choyera mbee, chachitali ngati basi yaing'ono, chitaima pageti pawo penipeni. Inali galimoto yanyumba, ija yokhala ndi bedi, chitofu ndi bafa m'kati. Pambali pake panaima a Graeme Tulloch a kutsidya kwa msewu, amene anali atangopuma kumene ntchito yophika buledi. Thukuta linali kamukamu.

"Pepani aneba," anatero a Tulloch. "Ndi masiku awiri atatu okha. Kwathuku kuli mtengo wamagetsi, ndiye siikukwana. Posachedwapa ine ndi akazi anga a Merle tikunyamuka, tikazungulire dziko lonseli."

"Ikani, palibe mlandu," anayankha Mayi Noelene. Anaizungulira, n'kugogoda tayala ndi nsapato monga ankachitira ndi basi m'mawa uliwonse. "Yokongola zedi. Imakoka bwanji pamtunda?"

A Tulloch anati imakoka bwino kwambiri, n'kuthawira kwawo.

Masiku atatu aja anasanduka mwezi. Nyengo yozizira inafika, nthawi imene okalamba a magalimoto otere amathawira kumpoto kofunda, koma iyi inali pompo. Dzuwa la m'mawa linaleka kufika pakhonde la Mayi Noelene. Galimoto yotola zinyalala inayamba kulumpha mabini amene abisika kuseri kwake. A Doan, aneba a kumanja, ndiwo anaipatsa dzina loti Chifiriji.

"Ine ndikamatuluka pageti ndimangopemphera," ankadandaula a Doan atatsamira mpanda. "Sindiona kanthu, ndimayendetsa ndi makutu. Inu mayi, chili pakhomo panu chimenechi. Bwanji osawauza?"

"Ndiwauza chiyani? Amachiona okha, n'chachikulu."

Umo ndi mmene zinkakhalira mu Bellbird: aliyense ankang'ung'udza kumpanda, koma akakumana ndi a Tulloch ankangokamba za nyengo. Kenako wina anaimba foni kukhonsolo mwakachetechete. Kunabwera bambo wa yunifolomu ndi tepi yoyezera, nayeza kutalika kwake, naona mapepala, n'kunena kuti palibe lamulo limene laphwanyidwa. Chichokereni bamboyo, a Tulloch anasiya kupereka moni kwa aliyense, poti sankadziwa amene anawaneneza. Msewu wonse unachita zii.

Mayi Noelene dzuwa ankalifuna ndithu, koma chimene chinkawasowetsa mtendere chinali china. Loweruka lililonse a Tulloch ankatsuka Chifiriji mpaka chiwale. Akatha ankakwera, n'kuliza injini, n'kugwira chiwongolero ndi manja onse awiri, maso ali kutsogolo ngati munthu amene ali pakati pa ulendo. Pakapita kanthawi ankazimitsa n'kutsika. Kangaude anamanga nyumba pagalasi loonera kumbuyo. M'mbali mwa matayala munamera udzu. Ukawafunsa za ulendo, lero ankati akudikira batire latsopano, mawa kumpoto kukugwa mvula, mkuja ali ndi tsiku kwa dokotala wa mano. Munthu angagule bwanji chinthu chimene wachilota zaka zambiri, n'kumangochisambitsa ngati mwana?

Safunsa anadya phula. Anathyola mandimu odzaza mbale, nadikira kuti a Tulloch apite kokamwa ndi anzawo, n'kuwoloka msewu. Polowa anaona kuti chipilala cha geti n'chopendekeka, njerwa ziwiri zitagwa.

Mayi Merle, akazi a a Tulloch, anali mayi wamfupi, wosalankhulalankhula. Anateleka tiyi, ndipo asanafunsidwe n'komwe anapumira m'mwamba.

"Ndikudziwa chimene mwadzera, anzanga. Manyazi andipha ndi chimenechija. Ndimachita kudikira kuti a Doan alowe m'nyumba ndisanatuluke."

"Sindinabwere kudzakalipa. Ndikungofuna kudziwa. Chavuta n'chiyani, injini?"

"Injini ili bwinobwino. Akuiopa galimotoyo."

"Akuiopa?"

"Tsiku lokaitenga lija anayenda njira yonse akunjenjemera, magalimoto akuwaimbira mahutala kumbuyo. Atafika pano anati alowe chambuyo, ndiye mwachiona chipilalacho. Anangoiimika pamene inakwana, pakhomo panu, ndipo sinasunthenso. Musawauze kuti ndanena. Angalole kufa."

Mayi Noelene anabwerera kwawo mtima uli m'malo. Chatsala chinali kupeza njira yothandizira munthu wamkulu osamuvula. Loweruka lotsatira anawapeza a Tulloch ali ndi chidebe cha sopo.

"Aneba, ndabwera kudzapempha. Manja angawa akuyabwa. Chisiyireni basi sindinagwireko chinthu cholemera. Simungandilole ndichiyendetseko mawa, tingofika kubwalo la mpira?"

A Tulloch anayang'ana pansi, anayang'ana kumwamba, n'kunena kuti mwina batire likhoza kupindula.

M'mawa mwake Chifiriji chinasuntha. Makatani a nyumba zonse anagwedezeka. A Doan anatuluka ndi kapu ya khofi m'manja, kukamwa kuli yasa, ndipo pamene chinkaima paja panatsala chithunzi chake cha masamba owola ndi udzu. Mayi Noelene anali pachiwongolero, msana uli chilili, akuimba chamumtima. Anakhota pamphambano osakhudza ngakhale mphepete mwa msewu. A Tulloch anakhala pambali atagwira mpando, Mayi Merle kumbuyo ndi zoluka zawo.

Pabwalo la mpira malo oimika magalimoto anali mbee. Mayi Noelene anatsitsa zidebe ziwiri zapulasitiki, naziika motalikirana ngati zipilala za geti.

"Mwendo wandigwira," ananama. "Tatengani inu, muilowetse apa chambuyo."

Chidebe choyamba chinaphwanyika pomwepo.

"Mwapha munthu mmodzi," anatero Mayi Noelene. "Palibe kanthu, anali wokalamba. Bwerezani. Musatembenuke khosi, kumbuyoko kuli bafa, simuonako. Yang'anani pagalasi."

"Pagalasi zonse n'zotembenuka! Ndikapinda kumanja chikupita kumanzere."

"Chikupita kumene mwachituma, bambo. Pang'onopang'ono. Mukuthamangira kuti, buledi akupserera?"

Anapita Lamlungu lotsatira, ndi linzake. Kupita kutsogolo a Tulloch anayamba kuzolowera, ngakhale ankayenda ngati ali pamaliro. Koma chambuyo zinakanika. Zidebe za m'nyumba zonse ziwiri zinatsala pang'ono kutha. Tsiku lina, a Tulloch akulimbana ndi chiwongolero, Mayi Noelene anamva mawu apansipansi kumbuyo. "Kumanzere. Basi. Wongolani tsopano." Anatembenuka. Mayi Merle sanadzutse n'komwe mutu pa zoluka zawo. Ankangoponya diso pagalasi la m'mbali, ndipo chilichonse chimene ankanong'ona chinali cholondola.

"Anzanga, tabwerani kuno kutsogolo."

"Ine? Ayi, ndikuluka."

"Zolukazo sizithawa. A Tulloch, tawapatsani mpando."

Mayi Merle anakankhira mpando kutsogolo kuti miyendo ifike, anakonza magalasi onse awiri, n'kulowetsa Chifiriji pakati pa zidebe ulendo umodzi, ndi dzanja limodzi. Anachitulutsa, n'kuchilowetsanso kuchokera mbali ina.



"Mwaphunzira kuti zimenezi?" anafunsa Mayi Noelene.

"Kwathu kufamu, kufupi ndi Moree. Nthawi yokolola tirigu bambo anga analibe mwana wamwamuna, ndiye lole ndinkayendetsa ndine."

"Inu amayi," anatero a Tulloch, "miyezi yonseyi ine ndikuuma ndi mantha, anthu akundida msewu wonse, inu muli chete?"

"Munandifunsa? Chikwatirireni makiyi amakhala m'thumba mwanu. Ndimati mwina mukufuna muchite nokha."

Mayi Noelene anaganiza kuti pabuka mkangano, ndipo anayamba kutolera zidebe. Koma a Tulloch anakhala pakhomo la galimotoyo n'kuyamba kuseka, kuseka mpaka misozi, ngati munthu amene amutula katundu pamutu.

"Ndiye basi," anatero akupukuta m'maso. "Inu muziyendetsa. Ine ndiziphika. Chitofucho ndiye ndikuchidziwa."

Sabata yonyamuka, a Tulloch anaphika buledi wambiri n'kuyenda khomo ndi khomo, kupepesa chifukwa cha mabini, dzuwa ndi moni amene anawamana anthu. Aliyense analandira buledi wake n'kunena kuti iye sizinkamuvuta n'komwe. Mayi Noelene anaimirira pakhonde kuyang'anitsitsa nkhope iliyonse kuti mwina adziwa amene anaimba foni kukhonsolo, koma mpaka lero sanamudziwe, ndipo zimawanyong'onya. A Doan anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti pobwera Chifiriji chikapeze kwina kogona. Mayi Merle anati anakambirana kale ndi msuweni wawo amene ali ndi malo kunja kwa mzinda.

Anayenda miyezi ingapo, mpaka ku Darwin. Atabwera, a Tulloch anafotokozera anzawo a kumowa nkhani yonse osabisa kanthu, ndipo inafalikira. Pasanapite nthawi Mayi Noelene anayamba kulandira mafoni a anthu osawadziwa. Onse amayamba mofanana: ali ndi mnzawo wina amene wagula galimoto yaikulu, ndiye mnzawoyo akuvutika pang'ono kubwerera chambuyo. Mayi Noelene safunsa dzina la mnzawoyo. Amangonena kuti akumane Lamlungu m'mawa kubwalo la mpira, ndipo abwere ndi zidebe zawo.

Amene akumuphunzitsa panopa ndi bambo wina wa ku Wallsend, amene amakoka ngolo yonyamulira boti ndi galimoto yake. Ngolo imapindika mosiyana ndi basi, ndipo Mayi Noelene anavomera poyera kuti nawonso saidziwa bwino. Akuphunzira limodzi, mosinthana.