Ndinabwerako Ndili Anti

Mwana wanga ndinamusiya ku Kawale ali ndi zaka ziwiri, atangoleka kumene kuyamwa. Azungu amene ndinkawalerera mapasa anali atamaliza ntchito yawo kuno, ndiye anandipempha kuti ndipite nawo kwawo ku Scotland mpaka anawo atayamba sukulu. Bambo a mwana wangayo anali atasowa kalekale, moti wondiletsa panalibe, koma mtima unkakana. Amene anandilimbitsa ndi achemwali anga aakulu, amene anali atakhalitsa pabanja koma opanda mphatso.

"Iwe pita," anatero. "Mwana wa mnzako ngwako yemwe, nanga wa mng'ono wanga?"

Ine ndinangoti ndi mwambi. Sindinadziwe kuti eni ake akunena zenizeni.

Mzinda umene tinakakhala ndi Edinburgh. Loweruka linali tsiku langa lopuma, koma sindinapumepo. Mabasi awo ankandizunguza mutu, ndipo munthu wa ku Kawale saphunzitsidwa kuyenda pansi. Ndinkavala majuzi awiri, chitenje pamwamba, n'kulowera kumbali yakale ya mzindawo. Nyumba zake ndi zamiyala, zakuda bii ngati mafuwa, ndipo pakati pake pali tinjira topanikiza kuposa ta ku Mgona. Ukalowa kamodzi umapezeka ukutsika masitepe osatha, n'kukatulukira kumanda kumene anthu amadyerako masangweji opanda mantha. Pamwamba pa thanthwe pali linga la mafumu akale, ndipo ikakwana wani koloko amaombako mzinga. Tsiku loyamba ndinathawira m'sitolo ya zipewa, ndikuyesa nkhondo yayamba. Wogulitsa anangoyang'ana wotchi yake.

Kuyenda konseko sindinkayenda ndekha. Ndinkalankhula ndi mwana wanga ngati ali kumsana. "Taona, mwanawe, azungunso amayanika makabudula. Taona abambo awo avala siketi, akuliza thumba." Anthu ankandicheukira, mwina poganiza kuti mutu sukuyenda bwino, koma ndinalibe nazo ntchito. Njira iliyonse ndinkaisunga m'mutu kuti ndidzam'fotokozere. M'sitolo ina pafupi ndi msika wakale ndinam'gulira nsapato zofiira za bakulo, zazikulu dala, kuti adzakuliremo.

Za kumudzi ndinkazimva mwa apo ndi apo, ndikaimba foni kuntchito kwa alamu anga. Yankho linali limodzimodzi: mwana ali bwino, akukula. Tsiku lina anawonjezera kuti asamukira ku Chinsapo. Ndinakondwa, poganiza kuti apeza nyumba yokulirapo.

Ndinabwerera patatha zaka zitatu. Ndinachoka azimayi tisanaloledwe mathalauza, ndinapeza atsikana akuyenda nawo mumsewu osacheuka. Amayi anga anachokera kumudzi kudzandichingamira kubwalo la ndege, ndipo tinakwera minibasi ya ku Chinsapo. Titayandikira anandigwira bondo.

"Ukafika usafulumire kulankhula," anatero.

Pakhomo tinapeza mayi wina woyandikana nawo akubwereka sefa. Ndinamumva akuitana achemwali ndi dzina la mwana wanga, amake uje. Ndisanameze zimenezo, kamtsikana kanatuluka m'nyumba, katalikatali, mphumi yanga yeniyeni. Achemwali anakakankhira patsogolo.

"Apatse moni anti ako a ku Ulaya."

Kanagwada bwinobwino. "Muli bwanji, anti?"

Akanati amayi aang'ono, mwina ndikanapirira, pakuti kwathu mng'ono wa amako ndi amako ndithu. Koma anti! Anti ndi mayi wogulitsa mandasi, anti ndi aliyense wokhala naye pafupi mu basi. Ndinakokera achemwali kuseri kwa bafa.

"Achemwali, mwam'phunzitsa chiyani mwana wanga?"

Sanagwetse nkhope n'komwe. "Iwe, ku Kawale ankandinena mpaka pampopi. Kwa apongozi ankafuna kuwapezera alamu ako mkazi wina. Kuno aliyense akudziwa kuti ndi wanga, kumpingo akudziwa choncho. Ukufuna undivule pagulu? Iwe ukadali mwana, udzabereka ena."

Ndinathamangira kwa amayi, ndikuyesa andithandiza. Iwo anangoti mwana sanatuluke pamtundu, ndisaphwasule banja la mkulu wanga. Apo m'pamene ndinazindikira kuti ankadziwa kuyambira pachiyambi, ndi amalume omwe. Apao ndi mizu ya kachere, amakumana pansi. Chondiwawa n'chakuti inenso ndinali wapao, koma pokumanapo sanandiitane. Anandipereka abale anga enieni, ine ndili kalikiliki kupukuta mamina ana a eni.

Ndinapeza chipinda cha lendi ku Area 23. Ndinaganiza zongomutenga mwanayo, koma ndikanam'nyamula akulira ngati wabedwa, ndipo zimenezo sindikanazitha. Ndinati ndiyambe ndam'zoloweza. Loweruka lililonse ndinkapita ku Chinsapo, ndipo achemwali ankandilandira ndi tiyi ngati mlendo wolemekezeka.

Tsiku lina anandilola kupita naye mtauni. Anavala nsapato zofiira zija, zitamukwana ngati ndinachita kumuyeza. Tinatsika kudepoti n'kuyamba kuyenda pansi, kudutsa ogulitsa kaunjika ndi okazinga chipisi. Ndinamuuza za masitepe osatha, za abambo a siketi, za mzinga ndi sitolo ya zipewa. Anaseka mpaka kugwira pamimba, ndipo kaseko kake kanali kanga. Mtima unandiuza kuti nthawi yake ndi yomweyi. Titafika pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe ndinanjuta kuti maso athu alingane.

"Mwanawe, tamvera. Ine ndine amayi ako. Ndine ndinakubereka."

Sanadzidzimuke. Anandiyang'ana mwachifundo, ngati mmene munthu amayang'anira wodwala, kenaka anandisisita dzanja.

"Amayi anandiuza kuti mudzanena choncho," anatero. "Akuti inu mulibe mwana chifukwa mumangoyendayenda, ndiye ndizikumverani chisoni. Musalire, anti."

Ndinakhala chonjuta pomwepo, anthu akutilambalala ndi mitolo yawo. Ngakhale mawu anga, achemwali anali atawafikira kale.

Pobwerera nsapato zija zinamutulutsa matuza, poti zinali zisanafewe. Ndinamasula chitenje n'kum'bereka, ndipo sindinakwere minibasi. Ndinayenda naye pansi mpaka ku Chinsapo, iye ali mtulo, mpweya wake ukundifunditsa pakhosi monga ndinkaganizira m'tinjira ta miyala tija. Ndinkayenda pang'onopang'ono dala. Titafika, achemwali anali ataima pakhomo. Anamumasula kumsana kwanga osamudzutsa, n'kundibwezera chitenje changa.