Kadisiketi Kamene Sindinakatulutse

Ine ndinafufuta ntchito ya zaka ziwiri ya apongozi anga ndi chala chimodzi. Chala chake ndi chomwechi chagwira cholemberachi, ndipo mpaka lero ndikachiyang'ana ndimachita nacho manyazi. Inu owerenga, makamaka inu amene mumadziphunzitsa nokha ngati ine, imvani zimene zinandionekera.

Sukulu ndinalekeza Fomu 2, koma kuwerenga sindinaleke. Ndinkagwira ntchito pa shopu ya fotokope ku Limbe, ndipo mwezi ukatha ndinkagula mabuku akale mumsika wa Ndirande, aja osowa chikuto, ena masamba ake atakulungira kale mtedza. Anzanga anandipatsa dzina loti Dikishonale. Iwo ankandinyoza, ine n'kumayesa ulemu.

Apongozi anga aamuna anali mphunzitsi wopuma, ankakhala ku Bangwe. Makolo awo anachokera ku Mozambiki, ndipo nthawi ya matipate itafika, anthu atayamba kunena poyera za kumene anachokera, iwo anaganiza zolemba mawu a Chilomwe amene ankaona kuti akutha. Amene ankachidziwa bwino anali achemwali awo aakulu. Ankawakhazika pakhonde, kuwafunsa liwu ndi liwu, n'kumalemba m'makope. Kenako mwana wawo wa ku Joni anawatumizira laputopu yogwirapo kale ntchito, yolemera ngati njerwa zitatu, ndipo anataipamo zonse ndi zala ziwiri. Achemwali ajawo anamwalira ntchitoyo itangotha.

Tchimo langa loyamba linali la pakamwa. Ndinawauza kuti kompyuta siiwala. Atamva zimenezo kwa mkamwini wowerenga, makope aja anawasiya pena paliponse, ndipo apongozi aakazi anayatsira mbaula pang'onopang'ono mpaka anatha.

Lachiwiri ndi ili. Mnzanga wina wa ku Mbayani anandibwereka madisiketi okopera, olembedwa manambala ndi bolopeni. Anati muli pulogalamu yatsopano yoyendetsa kompyuta yonse, ya zithunzi zokongola. Imene inali mu laputopumo nayonso inali yongokopera, yopanda kabuku kapena pepala lililonse, koma inkagwira ntchito yake osadandaula. Apongozi sanandipemphe kanthu. Ndine ndinapita ndekha Loweruka, n'kuwauza kuti makina awo atsalira m'mbuyo. Anandipatsa atakulunga m'chitenje, n'kuti ndibweze Loweruka lotsatira chifukwa akufuna kukasindikiza.

Kunyumba kwanga ku Zingwangwa ndinalowetsa madisiketiwo limodzi limodzi mpaka lomaliza. Makina anazima okha, n'kuyakanso. M'malo mwa zithunzi panabwera mdima ndi mizere iwiri ya Chingerezi. Ndinaiwerenga katatu. Inkanena kuti disiki si yoyenera, ndisinthe, kenako ndidine batani lililonse.

Ndinasintha, n'kuika ina. Mawu omwewo. Ndinaika inanso. Omwewo. Ndinazimitsa, n'kuyatsa, kuchotsa batire, kuipemerera mphepo ndi chivundikiro cha poto poganiza kuti yatentha. Madisiketi onse ndinawayesa. Loyamba lokha ndi limene linkandifikitsa pa kamzere kothwanima, kodikira kuti ndilembe lamulo, koma lamulo lake sindinkalidziwa.

Masiku atatu sindinakhazikike. Ku ntchito ndinkakopera mapepala chadodolido, makasitomala n'kumandikalipira. Mu minibasi ndinkapitirira siteji yanga. Chakudya chinkangozungulira m'kamwa. Mkazi wanga anaona, ndipo anandiuza kuti ku Naperi kuli mayi wina wophunzitsa kutaipa amene amadziwa makompyuta, bwanji ndipite. Ndinamuyankha kuti vutolo ndi laling'ono. Zoona zake n'zakuti sindinkafuna kuti zimveke kuti Dikishonale wakafunsa nzeru kwa mphunzitsi wa mataipi.

Ndinali ndi buku la makompyuta logula ku Ndirande komweko, loyambira pa tsamba 40. M'menemo ndinapeza lamulo lotchedwa format, ndipo pamwamba pake panalembedwa kuti limakonzekeretsa disiki. Tsamba lotsatira, limene mwina linali ndi chenjezo, munalibe. Ndinatsegula dikishonale yanga yeniyeni, ndipo inati liwulo limatanthauza kaikidwe ka zinthu mwadongosolo. Ndinaseka ndekha. Ndinati basi, zinthu zangosokonekera m'katimu, zikufunika kuyalidwa bwino ngati mabuku pa shelefu.

Inu owerenga, makina aja anandichenjeza. Anandifunsa ndi zilembo zikuluzikulu ngati ndikufunadi kupitiriza, poti zonse za m'katimo zitayika. Ine ndinaganiza kuti akunena zonse zosokonekera zija. Munthu ukafunitsitsa kuti mawu atanthauze zimene ukufuna, amatanthauzadi. Ndinadina Y, batani lovomera.

Nditatero ndinaikanso pulogalamu ija kuyambira disiketi loyamba mpaka lomaliza. Makina atayakanso, mizere iwiri ija inabwerera ngati sinachokepo. Ndinabwerezanso zonse Lachinayi. Chimodzimodzi.

Lachisanu m'mawa ndinanyamula chitenje chija ulendo wa ku Naperi, wapansi, chifukwa miyendo inkakana kukhala pansi. Mayiwo ndinawapeza akuphunzitsa kalasi. Anayatsa laputopuyo, n'kuwerenga mizere ija kamodzi kokha. Kenako anadina kabatani ka m'mbali, kadisiketi komaliza kaja n'kutumphukira kunja. Anazimitsa, n'kuyatsanso. Zithunzi zokongola zija zinabwera, ndi kanyimbo komwe.

Anandifotokozera kuti makinawo akamayaka amayamba ayang'ana pa kakhomo ka disiketi, ndipo akapezapo disiketi wamba amaima pomwepo. Sabata yonse ine ndinkangosintha alendo pakhomo, osaganizako zongosiya khomo lopanda munthu. Ndinasangalala mpaka ndinawagwira dzanja ndi manja awiri. Kenako ndinawapempha kuti atsegule mawu a apongozi. Anafufuza, n'kufufuzanso, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

“Achimwene, mwachita chiyani m'katimu?”

Ndinawauza, mpaka ndi tanthauzo la m'dikishonale. Kalasi yonse inasiya kutaipa. Mayiwo sanaseke. Anati ndikanabwera tsiku loyamba, bwenzi zonse zilipo. Ndikanabwera nditangofufuta, mwina akanapulumutsako zina. Koma poti ndinalembapo zatsopano kawiri konse, panalibe chotola.

Loweruka ndinafika ku Bangwe, n'kuzungulira mpanda wa apongozi kawiri ndisanaodire. Mukudziwa mmene mkamwini amakhalira pamaso pa apongozi, ngakhale kutsokomola amachita kupempha. Ndinakhala pansi, osati pa mpando, n'kunena zonse maso ali pa nsapato zawo. Ndikanakonda akanandikalipira. Anangofunsa akazi awo ngati mwina kope limodzi linatsalako, ndipo iwo anapukusa mutu n'kulowa m'nyumba.

Atatero apongozi aamuna analowanso, n'kutuluka ndi kope latsopano ndi bolopeni, n'kundipatsa.

“Bambo a Chikondi, paja inu mumakonda mawu. Loweruka lililonse muzibwera, ine ndizikumbukira, inu muzilemba. Pa pepala.”

Tinayamba tsiku lomwelo, ndipo tinachita zimenezi kupitirira chaka. Mawu ambiri anabwerera. Koma panali nthawi zina pamene ankanena tanthauzo m'Chinyanja, monga dzina la kadengu kosungiramo mbewu, kapena liwu limene mayi awo ankanena mwana akayamba kuyenda, n'kutsegula pakamwa kuti atchule la Chilomwe, osatuluka kanthu. Ankayang'ana pa khonde pamene pankakhala achemwali awo, n'kundiuza kuti ndisiye mpata. Mipata imeneyo ndinkaisiya ndi dzanja langa, ndipo palibe wina wamoyo woti n'kuidzaza.

Tsiku lina, titafika pa chilembo F, anandiuza ndi nkhope yosaseka kuti ndilembe liwu lakuti kufomata. Ndinafunsa tanthauzo. Anati ndilembe kuti ndi zimene amachita mkamwini akadziwa kwambiri. Ndinalemba, ndipo lilimo mpaka lero.

Tsono inu owerenga, makina a mwini akamagwira ntchito, asiyeni agwire. Musanaikemo chatsopano chilichonse, makamaka chongokopera kwa mnzanu, yambani mwasunga pena zimene zili m'katimo. Akakana kuyaka, yang'anani kaye zazing'ono, ngati kadisiketi kotsalira pakhomo, musanathamangire malamulo akuluakulu. Makina akakufunsani ngati mwatsimikiza, chotsani chala, pitani mukafunse munthu. Kuchokera ku Zingwangwa kukafika ku Naperi ndi ulendo waufupi, koma ine unanditengera masiku asanu ndi limodzi.

Apongozi anatisiya, ndipo kope lija anasiyira ine. Mwana wanga Chikondi akalitsegula amandifunsa chifukwa chake mizere ina ili ndi Chinyanja chokha, mbali inayo mopanda kanthu. Ndimamuuza kuti pamenepo ndi pamene bambo ake anadina Y.