Dzanja la Milojko Pachipata cha Sitediyamu

Milojko Krstanović anali asanagulepo tikiti ya mpira chibadwire, ndipo ankanyadira zimenezi kulikonse kumene wakhala. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu ndiye ankaima pachipata cha kabwalo ka kuseri kwa njanji, komwe timu ya dziko inkasewerera ragibi ya anthu khumi ndi atatu alendo akabwera. Ankang'amba matikiti, kujambula mizere ndi laimu, kuthamangitsa agalu. Malipiro panalibe, ndipo sankawafuna n'komwe. Chimene chinkamukoma ndi choti aliyense wolowa ayambe waima pamaso pake.

Pachipatapo panali lamulo losalembedwa paliponse. Munthu amene anasewerapo mpirawu sankagula tikiti, ankangotambasula dzanja. Ragibi imathyola zala, ndipo Milojko ankazidziwa zala za mzinda wonse. Ankadziwa chala chachikulu cha mnzake Vukašin chomwe chinaloza kumbali, ndi zala ziwiri za Gvozden zomwe zinaumiratu osapindikanso. Iye mwini kachala kake kakumapeto kanakhota ngati mbedza. Akaona dzanja lotere ankangogwedeza mutu, munthu n'kulowa.

Tisabise, bamboyu anali wouma mtima, ndipo amene analawa kuumako ndi mlamu wake Stanimir, mwamuna wa mchemwali wake. Stanimir paunyamata wake ankasewera ragibi inayo, ya anthu khumi ndi asanu, imene a kuseri kwa njanji amaitcha ya mabwana. Koma mwana wake Nebojša anatsata amalume ake, mpaka anasankhidwa m'timu ya dziko. Tsiku lomwe Nebojša anavala malaya a dzikowo, bambo ake anachedwa kuweruka kufakitale, n'kupeza matikiti atatha. Anatambasula dzanja. Zala zake zinali zokhota kuposa za wina aliyense pamzerepo.

"Zalazi zinathyokera kuti, alamu?" anafunsa Milojko mokweza, kuti onse amve.

"Mukudziwa bwino, alamu. Mwana wanga akusewera lero. Ndiloleni ndilowe."

"Zinathyokera mpira wolakwika. Pano sizigwira ntchito."

Anthu anaseka. Stanimir anaima kunja kwa mpanda wa malata masewero onse, akumva anthu akufuula dzina la mwana wake. Nebojša anagoletsa tsiku limenelo. Chaka chisanathe bondo lake linawonongeka, ndipo malaya a dziko sanawavalenso. Milojko nkhaniyi ankaifotokozabe kumowa ngati nthabwala, akutsanzira mmene mlamu wakeyo anaimira ndi dzanja m'malere.

Kenako mpira unayamba kukoma. Anyamata obadwira ku Australia kwa makolo akuno anayamba kubwera kudzasewerera dziko, timu n'kuyamba kupambana. Kabwalo kokwana anthu mazana asanu ndi atatu kanachepa. Ena ankaonera atakwera pamabogi a sitima, ena padenga la nyumba yosungiramo katundu. Ndipo amene anayamba kulira kuti masewero apite kusitediyamu yaikulu ya mpira wamiyendo anali Milojko yemweyo. Analemba makalata, anatha nsapato m'maofesi, mpaka akuluakulu a masewero ankabisala akamva kukhosomola kwake pakhonde.

"Atiseka mokwana anthu awa," ankatero. "Ndikufuna ndione mipando zikwi khumi ili ndi anthu ndisanafe. Ndikangoona zimenezo, mukhoza kundikwirira mawa lake."

Anamumvera. Masewero otsatira anaikidwa kusitediyamu, ndipo matikiti anapatsidwa kampani ina ya kulikulu kuti izigulitsa pafoni. Mwana wake wamkazi Jasna anabwera kunyumba tsiku lachiwiri.

"Bambo, matikiti akutha. Ndikugulireni yanu?"

"Iwe, wandiona ngati ndani? Ine ndigule tikiti? Kagulire amuna ako aja, sanagwirepo mpira ngakhale wa nsanza."

Jasna anangobweza foni m'chikwama, chifukwa bambo akewo ankawadziwa. Madzulo ake Milojko anauza Vukašin ndi Gvozden zomwezo, kuti kugula n'kwa alendo, iwo adzalowa monga akhala akulowera. Vukašin anali atangotuluka m'chipatala, akuyendera ndodo ziwiri, ndipo aliyense ankaona kuti masewero ena sadzawapeza. Anafunsa kawiri ngati Milojko walankhula ndi akuluakulu. Milojko anamuseka, n'kumuthirira kachasu wa rakija m'kapu. Matikiti anatha tsiku lachinayi, ndipo iye anamwera zimenezo ngati wagulitsa yekha.

Loweruka masana anavala jekete yake ya kutchalitchi, natsogolera anzake awiriwo. Msewu wonse unali mbendera zokhazokha. Milojko anaima kaye n'kuyang'ana chikhamucho, misozi ili lengelenge, pakuti izi n'zimene anazifuna moyo wake wonse.

Pachipata panalibe wong'amba matikiti. Panali zitsulo zozungulira zomwe zinkatseguka kagalasi kakaona foni, ndipo pambali panaima mayi wina wa malaya achikasu, wolembedwa ndi kampani ya alonda, wosachokera mumzindamo. Milojko anafika pamaso pake n'kutambasula dzanja.

"Tikiti, bambo," anatero mayiyo.

"Ndi imeneyi. Taonani bwino kachalaka."

Mayiyo anayang'ana dzanja, kenako nkhope. "Ngati mwavulala, achipatala ali pachipata chachitatu."

"Mayi, ine ndine Milojko Krstanović. Mpira uwu ndaubweretsa kuno ndine."

"Zikomo kwambiri, bambo. Koma chitsulochi chimafuna tikiti."

Kumbuyo mzere unali utatalika. Mnyamata wina wopaka utoto kumaso anafuula kuti, "Agogo, ngati mukupemphetsa, tchalitchi chili uko!" Anzake anafa nacho chiseko. Milojko anatchula maina a akuluakulu onse amene ankawadziwa, anawaimbira pakafoni kake ka mabatani, koma palibe anayankha. Onse anali m'kati, aliyense akuganiza kuti mnzake ndi amene wapatsa mdalayo tikiti. Anakankhidwira pambali pamodzi ndi anzake awiriwo, Vukašin akupumira m'mwamba atatsamira khoma.

Apo ndi pamene Stanimir anatulukira, tsitsi lonse litayera, foni ili m'manja. Anaima n'kuwayang'ana atatuwo mosafulumira.

"Alamu, mwaima panja bwanji? Kodi lero mukulondera khoma?"



"Ine ndili nawo awiri," anapitiriza Stanimir. "Ina ndinagulira Nebojša, koma bondo lija lamudzukira, sangakwere masitepe."

Milojko anali asanapemphepo kanthu kwa wina aliyense, ndipo mawu anatuluka ngati akumuzula dzino. "Alamu, zakale n'zakale. Ndithandizeni nayo inayo."

"Tandionetsani dzanja."

Milojko anatambasula. Stanimir analigwira bwinobwino, n'kulitembenuza, n'kukhudza kachala kokhota kaja.

"Kameneka kanathyokera kuti, alamu?"

"Mukudziwa."

"Mpira wolondola, eti? Nanga chitsulochi chikukaniranji?"

Anasiya dzanjalo. Anapita pachipata, n'kuonetsa foni pakagalasi. Chitsulo chitalira, anachizungulitsa ndi dzanja chopanda munthu, tikiti imodzi n'kuthera pomwepo. Mayi wa malaya achikasu sanamuletse, poti tikitiyo inali ya mwini wake.

"Stanimir," anaitana Vukašin ndi mawu ofooka, "nanga ine ndinakulakwira chiyani?"

Stanimir anacheuka. "Inu munaseka nawo, achimwene. Ndinakumvani."

Anaonetsanso foni kachiwiri, n'kulowa, osayang'ananso m'mbuyo.

Gvozden anaimitsa takisi. Pokweza Vukašin zinatenga nthawi, chifukwa miyendo inali itakana. Chitseko chisanatsekedwe, Vukašin anayang'ana Milojko. Sanakalipe, ndipo kukalipa kukanakhala bwino.

"Mdzukulu wanga anafuna kundigulira, Milojko. Ndinamukaniza chifukwa cha iwe."

Pampando wakutsogolo panali malo, koma palibe anauza Milojko kuti akwere.

Anatsala yekha pakhomalo. Masewero anawamva ndi makutu, ndipo makutu ake anali odziwa ntchito. Ankazindikira phokoso la munthu wagwetsedwa mwamphamvu, la woweruza walakwitsa, la mpira wadutsa pakati pa mitengo ya golo. Phokoso lalikulu chotero anali asanalimvepo. Linkagwedeza khoma limene anatsamira, ndipo mtima unkamuwawa kwambiri chifukwa linali lokoma.

Panthawi yopuma chimkuzamawu chinalengeza kuti m'bwalomo muli anthu oposa zikwi khumi ndi chimodzi, chiwerengero chomwe mpirawu unali usanachionepo mumzindamo. Kenako wolengezayo anati pali munthu mmodzi amene anamenyera nkhondo tsiku limeneli, amene anaima pachipata mvula ndi dzuwa kwa zaka makumi awiri ndi zitatu.

"Bambo Milojko Krstanović, kulikonse kumene mwakhala, taimirirani tikuoneni."

Sitediyamu yonse inawomba m'manja, nthawi yaitali ndithu. Milojko anali ataimirira kale, kuyambira masana. Anakonza kolala ya jekete, n'kuyang'ana kwa mayi wa malaya achikasu kuti aone ngati wamva dzinalo. Mayiyo anali akukoka mpanda wachitsulo, ndipo unakodwa pansapato ya Milojko.

"Bambo, tasunthani pang'ono, ndikufuna kutseka."

Milojko anasuntha.